A Chala ndi Mamosifeti a M'chitini

A Chala anakhala zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri akukonza mawailesi, ndipo m'zaka zonsezo panalibe chipangizo cha magetsi chimene chinawayankhapo mwano. Chinadzawayankha ndi kanthu ka miyendo itatu, kakuda, kochepa kuposa njere ya nyemba. Chipongwe chenicheni, munthu waimvi kuzunguzidwa mutu ndi kanthu koti kakagwa pansi umakafufuza utagwada.

Shopu yawo inali kachipinda kopapatiza pakati pa wometa tsitsi ndi telala, mumsewu wa amisiri. Tebulo logwirira ntchito linali pansi pa zenera. Pamwamba pake pankakhala chitsulo chowotcherera, mpukutu wa mtovu, mita yachikale ya singano yoyezera magetsi, ndi galasi lokulitsira zinthu lomangidwa ndi selotepi. Kumbuyo kunali mashelefu a mawailesi amene eni ake anawaiwala kapena anamwalira. Dzina loti a Chala anawapatsa ndi amisiri anzawo chifukwa cha kakonzedwe kawo. Wailesi ikangoti zii, iwo ankanyowetsa chala ndi malovu n'kumakhudza miyendo ya matiranzisita, tizipangizo tolamula magetsi m'wailesi, imodziimodzi, kuyambira kufupi ndi sipika kubwerera m'mbuyo. Pamene pali moyo sipika inkang'ung'udza. Pamene yasiya kung'ung'udza, matenda ali pomwepo. Ena ankatha tsiku lonse ndi mita, iwo mphindi zisanu ndi chala, ndipo tisabise, ankadzitama nazo.

Analinso ndi chizolowezi china. Chipangizo chatsopano chilichonse ankayamba achipukuta katatu pamkono wa chovala chawo, n'kuchiuzira mpweya kamodzi, kenako n'kuchiyeza. Anawaphunzitsa ndi mmisiri wakale amene anawalera pantchitoyi, masiku amene zipangizo zinkabwera miyendo itachita dzimbiri mtovu n'kumakana kugwira. Dzimbiri linatha kalekale, koma mkono sunaiwale.

Kwa mmisiri wakaleyo sanaphunzire okha. Anali ndi mnzawo wamtali ngati mzati wa magetsi, amene ankawotcha zala zake kuposa mtovu. Mnzawoyo ataona kuti kuwotcherera si kwake, anatsegula shopu yogulitsa zipangizo tsidya lina la msewu womwewo, anthu n'kumutcha a Masipeya. A Masipeyawo anali ndi mlongo wawo wa pakamwa pakuthwa amene ankawabweretsera chakudya masana. Zinazo mwadziwa kale. Mlongoyo anadzakhala mayi akunyumba kwa a Chala, a Masipeya n'kusanduka alamu. Tsiku lililonse teni koloko a Masipeya ankawoloka msewu atanyamula kapu yawo yachitsulo, awiriwo n'kumwa tiyi pabenchi ya panja akunyozana.

"Alamu, munatibera mlongo inu."

"Munandikakamiza ndinu. Munkamuopa."

Zaka makumi atatu nthabwala yomweyomweyo, osatopa nayo.

Mayiwo anadwala chaka chathunthu. Ali m'chipatala analuka juzi yobiriwira kuti manja asamangokhala. A Chala anakana kuyezedwa. Anati zoyezana m'chipatala iwo ayi, akawayeze kunyumba akachira. Juzi inatha choncho osawayeza, ndipo inatuluka mkono wamanzere utatalika kuposa wamanja ndi chikhatho chathunthu. Mayiwo sanachire. Juzi inakhala m'sutikesi zaka ziwiri, mpaka nyengo yozizira ina pamene a Chala anaitulutsa, anainunkhiza, n'kuivala. Dasikoti yawo ya khaki yovala pantchito anaipachika pamsomali. Mkono wautali uja ankaupinda katatu, ndipo juziyo sankaivula kuyambira m'mawa mpaka kuweruka.

Nyengo yomweyo ntchito inasintha. Mawailesi anachepa, anthu anayamba kuwatutira nyale za sola ndi timabokosi totchajira mabatire. M'kati mwa zinthu zimenezi munali mamosifeti. Mosifeti ndi mtundu wina wa tiranzisita, miyendo itatu yomweyo, nkhope yomweyo. A Chala anakhala akuwazemba zaka zambiri, chinthu chikakhala nawo ankachitumiza kwa amisiri ena. Tsopano kuzemba kunali kugona ndi njala, ndiye anapita kwa alamu awo n'kugula paketi.

Apa ndi pamene mutu unayambira kuwawa. Tiranzisita yakale ukaiyeza, mwendo umene umalamula inzake umalankhula ndi mita, singano imagwedezeka, iwe n'kudziwa kuti ndi yamoyo. Koma mosifeti, mwendo wake wolamulawo, umene amautcha geti, unkangoti duu. Singano osasuntha, ngati wayeza waya woduka. Miyendo iwiri inayo ndiye misala yeniyeni. Uyeze pano, yatseguka. Uitembenuze n'kuyezanso, yatseka. Upite kokamwa madzi ubwere, yatsegukanso, popanda woikhudza. A Chala ankavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso, singano ili pomwepo ikuwayang'ana.

Anachita zimene nzeru zawo zinawauza. Mosifeti yachete ankaiponya m'chitini cha mkaka ngati yakufa. Imene singano yagwedezekako pang'ono ankaiwotcherera m'nyale ngati yamoyo. Nyale zina zinkakana pomwepo. Zina zinkayaka masiku awiri n'kuzima, eni ake n'kubwerera nkhope zili gwa. Munthu amene zaka zonsezi sanabwezeredwepo ntchito anayamba kubisala kuseri kwa mashelefu akaona kasitomala akubwera ndi jumbo. Chitini chinafika pakati.

Lolemba lina, teni koloko, mayi wina anabweza nyale yake kachitatu, ndipo anawalalatira pamaso pa wometa, telala ndi amisiri awiri okonza mafoni. A Masipeya anali atangofika ndi kapu yawo. Manyazi ndi oipa, amafuna pothawira. A Chala analowa m'shopu, anatenga chitini n'kuchikhuthula pabenchi.

"Alamu, mukutigulitsa mitembo. Ngati mwayamba kutola zinthu kudzala n'kumazikulunga m'mapepala asiliva, tiuzeni tidziwe."

Onse amene anali pamenepo anamva kuti iyi si nthabwala ya masiku onse ija. A Masipeya anayang'ana mamosifeti, anayang'ana alamu awo.

"Mwatero, alamu?"

"Ndatero."

A Masipeya anathira tiyi wawo pansi pang'onopang'ono, n'kuwoloka msewu.

Mawu a mmisiri wamkulu amalemera. Amisiri a mumsewuwo anasiya kugula kwa a Masipeya, anayamba kukwera minibasi kukagula kutali. A Chala nawonso anakwera minibasi, anagula paketi kushopu ina yaikulu ya magalasi okhaokha. Ndipo tamvani, amenewonso ankafa chimodzimodzi. Izi sanauze munthu. Ankangokhala pampando wawo wa pulasitiki akudzifunsa ngati dziko lonse lasanduka la akuba, kapena mita yakalamba, kapena wakalamba ndi iwo.

Patatha milungu isanu ndi umodzi telala anawauza, maso ali pa makina ake, kuti a Masipeya akumanga katundu m'makatoni. Kumapeto kwa mwezi akutseka shopu, akukakhala kwa mwana wawo kutali. A Chala anati, "Apite," koma tiyi wa tsiku limenelo anazizirira m'kapu. Padziko lonse panatsala munthu mmodzi yekha amene ankadziwa mmene malemu mayi ankasekera, mmene ankatukwanira, ndi nyimbo imene ankaiimba molakwika akamachapa. Munthuyo anali tsidya lina la msewu akumata makatoni, ndipo anamuthamangitsa ndi iwo.

Kutatsala masiku anayi kuti mwezi uthe, kunabwera mwana wawo. Anali mmodzi yekhayo, wamkazi, ndipo bambo ake ankamutcha Injiniya kuyambira ali kusukulu. Ankagwira ntchito kutali, pakampani yokonza mapulani a maaisi, tizipangizo takuda ta miyendo yambiri ngati bongololo timene timakhala m'mafoni ndi m'makompyuta. Ntchito yakeyo a Chala sankaimvetsa. Munthu amajambula bwanji chinthu choti ngakhale chitapangidwa palibe angachione? Koma ankanyadira, ndipo chithunzi chake chinali pakhoma pamwamba pa mita. Injiniya anamva nkhani yonse kwa asuweni ake, ndiye anafika m'shopu chikwama chili kumsana, moni wake waufupi ngati wa mayi ake.

"Bambo, chitini chija chili kuti?"

"Wabwera kudzaweruza mlandu?"

"Ndabwera kudzaona mitembo."

Anavula jekete, anagwira kaye chitsulo cha zenera ndi dzanja, kenako anatola mosifeti imodzi m'chitinimo. Anatenga batire, kababu kakang'ono ndi mawaya, n'kulumikiza kuti magetsi ochokera ku batire adutse m'miyendo iwiri ija asanafike ku babu. Mwendo wa geti anausiya uli lende, wosalumikiza kulikonse. Babu silinayake.

"Waona," anatero a Chala. "Yakufa."

Injiniya anaika chala chimodzi kumutu kwa batire, chala china n'kukhudza geti. Babu linayaka. Anachotsa manja onse n'kuwapinda pachifuwa. Babu linapitiriza kuyaka.

A Chala anasuzumira pansi pa tebulo. Anakweza batire, anayang'ana kunsi kwake. Anatsata waya uliwonse ndi maso kawiri.

"Wabisa waya wina."

"Palibe waya, bambo."

"Nanga akuliyatsa ndani? Chala wachotsa."

"Palibe akuliyatsa. Ndinatsegula chitseko, ndipo palibe amene wachitseka." Anaika chala kumatako kwa batire, china pa geti, babu linazima. "Tsopano ndatseka."

A Chala anakhala pansi. Moyo wawo wonse ankadziwa chinthu chimodzi: tiranzisita ndi ngati mpopi wa sipuling'i, umatuluka madzi pokhapokha dzanja lili pomwepo likukanikiza. Umalowetsa magetsi pang'ono kumwendo wolamula kuti magetsi ambiri adutse, ukasiya nazonso zasiya. Anamuuza Injiniya zimenezi mokalipa, ngati iye ndi amene waphwanya lamulo.

"Zimenezo n'zoona kwa akale aja," anatero Injiniya. "Koma mu geti la mosifeti simulowa magetsi. Pakati pa geti ndi njira ya magetsi pali kakhoma ka galasi. Palibe chodutsa. N'chifukwa chake mita yanu imakhala chete."

"Ngati palibe chodutsa, geti likulamula bwanji?"

"Ndi kukoka kokha. Mukaima m'nyumba zenera lili chitsekere, n'kugwedeza mbale ya chimanga, nkhuku panja zimatani?"

"Zimabwera pazenera."

"Eya. Magetsi amene chala changa chasiya pa geti ndi mbale ija. Kuseri kwa galasi tinthu tonyamula magetsi timasonkhana, n'kupanga mzere kuchokera mwendo uwu kukafika mwendo uwo. Mzere umenewo ndiye njira. Mukachotsa mbale timabalalika, njira yatha."

"Ndiye nkhukuzo zimadya chiyani?"

"Sizidya kanthu."

"Ndiye ndi nkhuku zopusa."

"Kupusa kwakeko ndi kumene timakufuna, bambo. Poti geti silidya magetsi, tikhoza kuika mamosifeti mamiliyoni mu aisi imodzi, batire osatha msanga, aisi osapsa. Timawaika awiriawiri, wina akatsegula mnzake amatseka. Foni yanuyo ndi zitseko zokhazokha."

A Chala anatulutsa foni m'thumba, anaiyang'ana mokayikira, n'kuibweza. Mamiliyoni anawasiya kaye pambali, mutu unali utadzaza kale ndi nkhuku.

Injiniya anayeza mamosifeti onse a m'chitini imodziimodzi, n'kuwagawa milu iwiri. Mulu waukulu unayatsa babu bwinobwino. Mulu waung'ono unali wa amene a Chala anawachotsa m'nyale zobwezedwa zija, ndipo amenewo analidi akufa. Anatenga mita ya bambo ake n'kuyeza imodzi ya mulu waung'ono. Singano inagwedezeka.

"Imeneyo ndiye yamoyo," anatero a Chala msangamsanga.

"Imeneyi ndiye yakufa. Galasi lake labooka, magetsi akudutsa pamene sayenera kudutsa. Yolankhula ndi mita ndi yakufa, yachete ndi yamoyo."

"Bwereza."

Anabwereza. A Chala anagwira mutu ndi manja awiri. Ndiye kuti miyezi yonseyi ankataya amoyo n'kumasankha akufa, mosamala, atavala magalasi. Komabe munthu akamira amagwira chilichonse, ndipo iwo anagwira ichi:

"Chabwino. Koma obooka aja anabooka ali kuti? Anabwera choncho m'paketi. Amalume akowo asayere msanga."

Injiniya anatsegula paketi ya kwa amalume ake imene inatsala yosatsegula, anayeza khumi, onse amoyo. Nayenso apa anakwinya nkhope. Anayang'ana chitsulo chowotcherera, anayang'ana soketi, anagogoda mita. Kenako anatenga nyale ina pashelefu.

"Tandikonzereni iyi mmene mumakonzera masiku onse. Ine ndingoonerera."

A Chala anadzikoka pampando wa pulasitiki uja, anatola mosifeti imodzi mwa khumi aja, anaipukuta pamkono wamanzere wa juzi kamodzi, kawiri, katatu, n'kuiuzira mpweya.

"Imani, bambo."

"Ndalakwanso chiyani?"

"Juziyi mwayamba liti kuivala pantchito?"

"Usaiyambe juziyi."

"Sindikuiyamba. Mwayamba liti?"

Anamuuza. Injiniya anatenga cholembera cha pulasitiki, anachikhuta pamkono wa juzi, n'kuchiyandikiza ku tizidutswa ta pepala. Tinadumpha n'kumatirira. Anafunsa ngati juziyo imathetheka poivula. A Chala anavomera kuti imathetheka, ndipo nthawi zina chitseko cha minibasi chimawaluma chala, koma ankayesa ndi ukalamba.

"Ulusi uwu ndi wa pulasitiki. Mukamadzikhuta pampandowo, kunja kuli kouma chonchi, thupi lanu limadzaza magetsi. Mavoliti masauzande."

"Masauzande? M'thupi mwangamu? Ine osafa?"

"Ndi okankha kwambiri koma ochepa, ngati kubayidwa ndi singano. Inu simungafe nawo. Koma kagalasi kaja n'kopyapyala, tsitsi limodzi kuligawa kachikwi. Mavoliti makumi angapo okha amakaboola. Ndiye inu mumagwira mwendo wina ndi zala, wina mukuukhuta pa juzi."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikupukuta."

"Pa dasikoti ya thonje, ndiponso matiranzisita opanda galasi."

Anayeza imene inapukutidwa ija. Babu linayaka. A Chala anaseka mopambana, koma Injiniya anawapatsa ina kuti apukutenso atadzikhuta pampando. Iyi babu linakana, ndipo pa mita singano inagwedezeka.

"Nanga yoyamba ija bwanji sinafe?"

"Mwina yapulumuka, mwina yavulala. Zovulala ndi zimene zimakafera kwa eni ake pakatha masiku awiri."

Kwa wometa kunkamveka makina ometera. A Chala anayang'ana mkono wa juzi, malo amene ulusi unayamba kuthothoka chifukwa chopukutira.

"Ukundiuza kuti mayi ako ndi amene akupha zinthuzi?"

"Ayi, bambo."

"Analuka ndi manja awo, akudwala. Ndiye lero ukuti ndi poizoni?"

"Ndikuti muziivula mukakhala patebulo, basi. Muzigwira chitsulo cha zenera musanagwire mosifeti. Ndipo musamapukute. Mukudziwa ntchito yanga yeniyeni? Pamwendo uliwonse wa aisi timaika kanjira kothawitsira magetsi a m'zala za anthu, asakafike pa galasi. Gawo limenelo ndimajambula ndine. Tsiku lililonse ndimakhala ndikuganiza za chala cha munthu amene sindikumudziwa. Sindinkadziwa kuti ndi chanu."

"Ndiye bwanji izi sunaziteteze?"

"Izi zilibe, n'zamaliseche. Chitetezo chake ndi pepala lasiliva lija amalume amakulungira."

Pepala lomwe lija anawanyoza nalo pagulu. A Chala anamva kutentha kumaso. Sanamvetse za galasi, sanamvetse za nkhuku, za mavoliti masauzande ndiye anazikana mumtima. Chimene anamvetsa n'chakuti alamu awo sanabe kanthu.

Injiniya anati apite limodzi kwa amalume ake akafotokoze iyeyo, popeza amadziwa mawu a zinthuzi. A Chala anakana. Anati pakamwa pamene panatukwana ndi pomwe pakalankhule, ndipo pakalankhule pamaso pa anthu omwe aja.

M'mawa mwake teni koloko anakhomera batire, babu ndi mosifeti pakathabwa. Anaitana wometa, telala ndi amisiri a mafoni aja, n'kuwoloka nawo msewu, juzi ili m'thupi, chitini kukhwapa. Injiniya anawagwiritsa chitsulo cha zenera asanatuluke, ndipo atafika anawagwiritsanso chitseko chachitsulo cha shopu ya amalume ake. A Masipeya anali pakati pa makatoni, selotepi ili m'manja, mashelefu theka ali mbee. Sanapereke moni.

A Chala anaika kathabwa pa kauntala n'kutsokomola.

"Anthuni, m'kanthu aka muli galasi. Kuseri kwa galasiko kuli nkhuku."

Wometa anayang'ana telala.

"Osati nkhuku zenizeni. Ndiye ukagwedeza chimanga, chimene si chimanga, chitseko chimatseguka, koma palibe amene walowa. Ndiye yakufa ndi imene imalankhula." Anaima. Thukuta linatuluka ngakhale kunkazizira. "Yamoyo siyankha. Ndiye ine ndili ndi magetsi masauzande."

"A Chala, mwadya m'mawa uno?" anafunsa telala.

Mmodzi wa amisiri a mafoni anayamba kumwetulira, chifukwa iye za magetsi a m'thupi ankazidziwa, kungoti sanayerekezepo kukaphunzitsa mmisiri wamkulu. Injiniya anatsegula pakamwa kuti athandize, bambo ake anamuletsa ndi dzanja. Anaika chala kumutu kwa batire, china pa geti. Babu linayaka. Anachotsa manja, linakhalabe chiyakire.

"Iyi ndi imodzi mwa mitembo ija ndinakhuthula pabenchi. Mmene ikuyakiramu musandifunse, sindikudziwa. Mwanayu wandifotokozera kanayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti katundu wa alamu anga ndi wabwino. Amoyo ndinkataya ndine. Enawo ndinkapha ndine, powapukuta pa juziyi. Ndinawanamizira pamaso panu, ndiye ndabwera kudzanena pamaso panu kuti ndinalakwa. Alamu, pepani. Ndachita manyazi kwambiri."

A Masipeya anayang'ana babu nthawi yaitali. Kenako anazungulira kauntala n'kuima patsogolo pa a Chala, kuwayang'ana chotsitsa maso monga mwa utali wawo.

"Mumapukutira mkono uti?"

A Chala anakweza wamanzere, wopindidwa katatu uja. A Masipeya anaupindula pang'onopang'ono mpaka unalendewera kupitirira zala. Anatambasula dzanja lawo lalitali n'kuliika pambali pake. Mkono wa juzi unathera ndendende pamfundo ya dzanja lawo.

"Uwu ndi wanga," anatero. "Inu mutakana kuyezedwa, mlongo wanga anayezera pa ine. Ndinakhala pambali pa bedi dzanja lili chotambasula mpaka linachita dzanzi, iye akundikalipira kuti ndisagwedezeke. Atamaliza mkono umenewu ndi pamene anakumbukira kuti mwamuna wake ndi wamfupi. Winawo anayezera pa shati yanu. Ndinati amasule wautaliwu, anakana. Anati mphamvu zomasulira alibe, muzikapinda, ndipo mukamapinda muzikumbukira kuti muli ndi mlamu."

Miyezi yonseyi a Chala ankapinda mkonowo m'mawa uliwonse akudandaula mumtima kuti mayi anasokoneza kuwerenga chifukwa cha matenda. Misozi inatsika, ndipo sanaibise. Telala anakoka wometa, onse anatuluka mwakachetechete, Injiniya n'kutsatira.

Patapita nthawi a Chala anapukuta m'maso ndi mkono womwewo.

"Ndiye kuti wopha mamosifeti ndi mkono wanu, alamu."

"Ulusi wakenso ndinagula ndine."

"Ndiye mlandu ndi wanube."

"Mukayambanso ndimata katoni yotsalayi." A Masipeya anaponya selotepi pa kauntala. Sanaseke, ndipo maso awo anali ofiira. "Mwandipweteka, alamu. Musaganize kuti zatha lero. Makatoniwa ndamanga ndekha milungu iwiri, kumasula mumasula ndinu. Kapu yanga ili mu imodzi mwa amenewa, sindikukumbuka iti."

Mpaka lero mukawafunsa a Chala mmene mosifeti imagwirira ntchito, amayamba bwino, kufika pa galasi amasochera, n'kumaliza ndi kukalipira nkhuku. Koma nyale zawo sizibwereranso. Asanagwire chipangizo amagwira chitsulo cha zenera ngati akupereka moni, ndipo dzanja likanyamuka lokha kupita kumkono amalimenya.

Tsiku limenelo babu linatsala likuyaka pa kauntala, palibe anakumbukira kulizimitsa. A Chala anavula juzi asanakhudze katoni yoyamba, inathetheka, n'kuwapatsa alamu awo kuti awagwirire. Pakhoma panali msomali, koma a Masipeya sanaipachike. Anakhala pa sitululu juzi ili pamiyendo, akuwalozera katoni yoti atsegule.